John Chilembwe ndi Mudzi wa Mbombwe

Chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko la Malawi limakumbukira Mbusa John Chilembwe. Nkhope yake tonse timaidziwa chifukwa ili pa ndalama zathu, ndipo ana a sukulu amaloweza dzina lake pamodzi ndi chaka cha 1915. Koma kwa ife a ku Chiradzulu, kuyambira kwa Mpama mpaka ku Nguludi, Chilembwe ndi mwana wa kwathu. Anabadwira kuno, anamanga mudzi wake kuno, ndipo nkhondo yake inasiya maliro m'midzi ya kuno ndi phulusa pa mishoni ya Katolika. N'chifukwa chake tafuna kulongosola moyo wake pamodzi ndi mbiri ya mudzi wa Mbombwe ndi ya anthu amene anadzaza dera lino. Munthu sangamvetse zimene Chilembwe anachita ngati sadziwa anthu amene ankakhala nawo, kumene anachokera ndi zimene zinkawasowetsa tulo.

Dziko limene anabadwiramo

Chaka cha 1860 chisanafike, mapiri ndi zigwa za pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa zinali dziko la Amang'anja. Anthuwa ankalima mapira ndi thonje, ankasula makasu ndi kuomba nsalu, ndipo ankakhala m'midzi ing'onoing'ono yotayana. Kenaka kunayamba kufika Ayao kuchokera kumpoto ndi kum'mawa. Ena ankathawa nkhondo ndi njala kwawo, ena ankachita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo.

M'chaka cha 1861 David Livingstone anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican ku Magomero, kumene anamanga mishoni nasonkhanitsa anthu omasulidwa m'magoli a ukapolo. Mishoniyo sinakhalitse. Bishopuyo anamwalira mu Januwale 1862, ndipo chilala cha 1862 ndi 1863 chinapha anthu osawerengeka. Amang'anja ambiri anatsikira ku chigwa cha Shire. Otsala anakhala pansi pa mafumu a Chiyao monga Mpama ndi Kadewere, nayamba kukwatirana ndi alendowo. Mu 1884 nkhondo ya Angoni inadutsanso m'dera lino, ndipo anthu anathawira m'mapiri.

Chilembwe anabadwa m'nyengo imeneyi, cha m'ma 1871, ku Sangano kufupi ndi phiri la Chiradzulu. Bambo ake a Kaundama anali Myao, ndipo mayi ake a Nyangu anali Mmang'anja. M'nyumba imodzi munakumana mtundu wogonjetsa ndi mtundu wogonja, monga zinaliri m'mabanja ambiri a kuno. Pambuyo pake banjali linasamukira ku Chilomoni, kufupi ndi mishoni ya Blantyre imene a mpingo wa ku Scotland anatsegula mu 1876. Kumeneko mnyamatayu anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi pang'ono. Pamene Angerezi anakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, iye anali ndi zaka pafupifupi 20, ndipo malo ambiri achonde anali atagwera kale m'manja mwa azungu amene anawagula kwa mafumu ndi nsalu ndi katundu wina wotsika mtengo.

Kwa Joseph Booth ndi ku America

Mu 1892 ku Blantyre kunafika mmishonale wa Chingerezi wochokera ku Australia, dzina lake Joseph Booth, pamodzi ndi mwana wake wamkazi Emily. Booth anatsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Anali munthu wosiyana ndi azungu anzake: ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa ena, ndipo ankaphunzitsa poyera kuti munthu wakuda ndi mzungu ndi ofanana pamaso pa Mulungu. Chilembwe anakapempha ntchito kwa iye. Anayamba ngati wophika, kenaka anakhala womasulira, ndipo ndiye ankasamala Emily akadwala bambo ake ali pa ulendo. Booth anamubatiza pa 17 Julayi 1893.

Mu 1897 awiriwa anapita ku America. Kumeneko anasiyana mwamtendere, ndipo mpingo wa anthu akuda wotchedwa National Baptist Convention unatenga udindo wolipirira Chilembwe maphunziro ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Ku America anaona zinthu ziwiri zimene sanaziiwale. Anaona tsankho loopsa kwa anthu amene makolo awo anali akapolo. Anaonanso anthu akuda omwewo akuyendetsa okha sukulu, mipingo, nyuzipepala ndi malonda. Anadzozedwa ubusa, ndipo mu 1900 anabwerera kwawo ali ndi cholinga chomanga zofanana ndi zimenezo pakati pa abale ake.

Mbombwe asanduka mudzi wa sukulu

Chilembwe sanakhale m'tauni. Anagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe m'dera la Chiradzulu, natsegula mishoni imene poyamba inkatchedwa Ajawa Providence Industrial Mission. Liwu lakuti Ajawa likusonyeza kuti maso ake anali pa Ayao, anthu a mtundu wa bambo ake. Pambuyo pake liwuli linachotsedwa, ndipo dzina la Providence Industrial Mission, kapena PIM mwachidule, ndi limene linatsala mpaka lero.

A mpingo wa ku America anamutumizira othandiza. Mbusa Landon Cheek anafika mu 1901, ndipo mayi Emma DeLany anafika mu 1902. Pofika 1906 onse awiri anali atabwerera, koma anasiya maziko olimba. Malo amene anali kamudzi wamba anakhala ndi sukulu, nyumba za njerwa ndi minda ya khofi ndi thonje. Amayi ankaphunzira kusoka, ntchito imene mayi DeLany anayambitsa ndipo mkazi wa Chilembwe, mayi Ida, anaipitiriza. Chilembwe ankalimbikitsa ukhondo, kuvala bwino, kugwira ntchito ndi manja ndi kuleka mowa. Chikhulupiriro chake chinali chakuti munthu wakuda wophunzira ndi wodzidalira sanganyozedwe mpaka kalekale.

Ntchito inakula. Pofika 1912 sukulu za PIM zinali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo zina zinali kutali monga ku Mulanje. Mu 1909 Chilembwe ndi anzake ochita malonda ndi ulimi anayambitsa bungwe la Natives Industrial Union kuti azithandizana. Mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe, chomangidwa ndi manja a anthu akuda ndi zopereka zawo pamodzi ndi thandizo la ku America. Kwa zaka zoposa khumi boma silinaone vuto lalikulu mwa iye. Anali mbusa wofatsa, wovala suti ndi magalasi, wolipira msonkho.

Alendo ochokera ku Mozambique

Pamene Mbombwe ankakula, anthu a m'dera lino ankasinthanso. Kuyambira zaka za m'ma 1890, Alomwe anayamba kuoloka malire kuchokera ku Mozambique, kudzera ku Mulanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ankathawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho, ntchito yokakamiza ndi njala. Ankabwera mabanja mabanja, atasenza mbewu, makasu ndi ana. Eni dziko ndi azungu omwe anawapatsa dzina lonyoza limene Alomwe anadzalikana pambuyo pake.

Mlendo wopanda munda anali ndi njira ziwiri. Akanatha kupempha malo kwa mfumu ya Chiyao, kapena kukhala pa esiteti ya mzungu. Esiteti yaikulu koposa kuno inali ya A. L. Bruce ku Magomero, ya maekala oposa 160,000, imene inali m'manja mwa banja la mkamwini wa David Livingstone. Woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Wokhala pa esiteti ankalipira malo ndi ntchito, ndipo ntchito imeneyi inkatchedwa thangata. Kale liwuli linkatanthauza kuthandizana kwaufulu pakati pa anthu a m'mudzi, koma pa esiteti linasanduka goli. Lamulo linkati mwezi umodzi wa malo ndi mwezi wina wa msonkho, koma akapitawo ankatalikitsa miyeziyo, ndipo ntchito inkagwa nthawi ya dzinja pamene munthu anayenera kukhala m'munda mwake. Amayi amasiye nawonso ankagwira. Kumenyedwa kunali kofala, ndipo malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama. Mlomwe wodandaula akanathamangitsidwa, ndipo kwawo kumene anathawako sakanabwerera.

Njala ya 1912 ndi 1913 inabweretsa alendo ena ambiri. Ochuluka mwa anthu amene ankabatizidwa ku Mbombwe m'zaka zimenezi anali Alomwe ndi Ayao ogwira thangata. Madandaulo awo ankathera pakhomo pa mbusa. Eni esiteti ya Bruce sankalola sukulu kapena nyumba yopemphereramo pa malo awo, ndipo mu 1913 Livingstone analamula kuti nyumba za udzu zimene Akhristu a PIM anamanga zitenthedwe. Chilembwe anadandaula ku boma, koma sanathandizidwe.

Nguludi ndi Mbombwe

M'zaka zomwezi Mpingo wa Katolika unkazika mizu m'dera lino. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1903 anatsegula mishoni ya Nguludi, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Mbombwe. Kuyambira 1910 mtsogoleri wawo anali Ambuye Louis Auneau. Nawonso ansembewa anapeza kuti alendo a Chilomwe ndiwo ankalandira chiphunzitso msanga. Motero mishoni ziwirizi zinkakolola m'munda umodzi. Zinkalimbirana midzi yotsegulamo sukulu, ndipo aphunzitsi a mbali ziwirizi ankayang'anizana ndi diso lokayika. Tiyenera kukumbukira kuti imeneyi inali nthawi imene Akatolika ndi Akhristu a mipingo ina sankapempherera pamodzi ngakhale pa maliro, zaka 50 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican usanachitike.

Zaka zowawa

Pofika 1914 mavuto anamuunjikira Chilembwe. Ankadwala mphumu, maso ake ankafooka, mwana wake wamkazi anamwalira, ngongole za tchalitchi zinkamuvuta, ndipo thandizo la ku America linachepa. Pamenepo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Mu Seputembala 1914 asilikali akuda a Angerezi ndi a Ajeremani anaphana ku Karonga, ndipo boma linayamba kulemba anthu ambiri usilikali ndi umtengatenga.

Mu Novembala 1914 Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti anthu osauka, amene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa ngati anthu, sayenera kukafera nkhondo ya eni chuma ndi kusiya amasiye opanda wowasamala. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo linayamba kukonza zomuchotsa m'dziko. Zitseko zonse zimene anagogoda kwa zaka 14 zinali zitatsekeka. Kumapeto kwa 1914 ndi kumayambiriro kwa 1915 iye ndi anzake monga John Gray Kufa, Duncan Njilima ndi David Kaduya anayamba kukumana mwachinsinsi ku Mbombwe.

Januwale 1915

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu ananyamuka ku Mbombwe. Gulu lina linapita ku Blantyre kukalanda mfuti ku sitolo ya Mandala, koma linapeza zochepa chabe. Magulu ena anapita ku esiteti ya Bruce. William Jervis Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake ku Magomero, mkazi wake ndi ana ake akuona, ndipo anadulidwa mutu. Azungu ena awiri, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Amayi a chizungu ndi ana awo anatengedwa, koma sanapwetekedwe, monga Chilembwe analamulira, ndipo pambuyo pake anamasulidwa. Lamulungu m'mawa Chilembwe anatsogolera mapemphero ku Mbombwe mutu wa Livingstone uli poonekera.

Anthu ambiri amene ankayembekezeka kudzuka sanadzuke. Gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu linabalalika lisanachite kanthu, ndipo mafumu a Chiyao sanalowe nawo. Pa 26 Januwale gulu lina linafika ku Nguludi. Bambo Swelsen, amene anatsala pa mishoni, anavulazidwa koopsa koma anapulumuka, ndipo tchalitchi chinatenthedwa. Tsiku lomwelo asilikali a boma analowa m'Mbombwe napeza mudzi wopanda anthu. Pasanapite nthawi anagwetsa tchalitchi chachikulu chija ndi mabomba.

Chilembwe anathawa kulowera ku malire a Mozambique. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi anamupeza m'dera la Mulanje namuombera, ndipo anafa ali ndi zaka pafupifupi 44. Anaikidwa mwachinsinsi m'manda opanda chizindikiro kuti anthu asamapiteko.

Chilango chinagwera midzi

Kubwezera kwa boma kunaposa kutali zimene zinachitika. Anthu pafupifupi 40 anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende. Ena anaomberedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa. Nyumba ndi nkhokwe zinatenthedwa, midzi inalipitsidwa chindapusa, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Mozambique kumene anachokera. Ovutika kwambiri anali osauka omwe aja a thangata, olakwa ndi osalakwa omwe. Mbombwe anasanduka bwinja, ndipo PIM inaletsedwa.

Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa linatulutsa lipoti lake mu 1916. Linavomereza kuti pa esiteti ya Bruce panali nkhanza, koma thangata silinathe. Linapitirira mpaka 1962, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1950 boma linagula mbali yaikulu ya malo a Magomero n'kukhazikapo anthu. Ku Nguludi ansembe anamanganso, ndipo m'zaka zotsatira Alomwe ambiri analowa Mpingo wa Katolika, umene boma silinkaukayikira monga linkachitira ndi mipingo yotsogozedwa ndi anthu akuda. Iyi ndi mbali ya mbiri yathu imene tiyenera kuinena moona: kukula kwa maparishi athu kunachitika pa nthawi imene anansi athu anali oletsedwa kupemphera pa malo awo.

Mudzi udzukanso

Bwinja la Mbombwe linakhala zaka 11. Amene analidzutsa anali mwana wa sukulu yomweyo, Daniel Sharpe Malikebu, amene anatsatira mayi DeLany ku America ali mnyamata naphunzira udokotala ku Meharry Medical College. Atabwera koyamba mu 1921 boma linamukaniza kukhala, ndipo anapita ku Liberia. Mu 1926 analoledwa kutsegulanso PIM pamodzi ndi mkazi wake mayi Flora. Anthu obalalika anabwerera, sukulu inayambanso, chipatala chinatsegulidwa, ndipo tchalitchi chatsopano chinamangidwa pafupi ndi maziko a chakale.

Dzina la Chilembwe, limene kale linkatchulidwa monong'ona, linayamba kumveka poyera pa nthawi yomenyera ufulu. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, la mu 1958, linadziwitsa dziko lonse mbiri yake. Nkhope yake inaikidwa pa ndalama za kwacha kuyambira 1997, ndipo mu 2022 chosema chake, ntchito ya Mmalawi Samson Kambalu, chinaimikidwa kwa kanthawi pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London. Nguludi nayenso anakula: lero kuli chipatala cha St Joseph ndi Yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006.

Anthu a Chiradzulu lero

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, pa malo osakwana makilomita 800 m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Ochuluka ndi Alomwe, otsatira ndi Ayao, ndipo pafupifupi tonse timalankhulana m'chinenero cha Amang'anja aja amene anali oyamba. Alendo opanda munda a masiku a Chilembwe ndiwo agogo a ambiri a ife. Vuto la malo limene linawaliza silinathe. Lasintha nkhope chabe: lero ndi munda wa makolo umene ukugawidwa kwa zidzukulu mpaka kutsala mizere yowerengeka, ndi milandu ya malire imene imadzaza mabwalo a mafumu.

Tikamakumbukira Chilembwe, tisasankhe mbali imodzi ya mbiri yake. Madandaulo ake anali oona, ndipo anayesa njira ya sukulu, ya kalata ndi ya kudandaula ku boma asanagwire mkondo. Magazi amene anakhetsedwa ku Magomero ndi moto wa ku Nguludi nazonso ndi zoona, ndipo sitingazitche zabwino. Chimodzimodzinso imfa za anthu a m'midzi amene mayina awo sanalembedwe paliponse. M'Miphakati yathu muli zidzukulu za amene anapita ku Magomero usiku uja, za amene anali pa sukulu za Nguludi, ndi za amene anangothawa ndi ana kumsana osadziwa chimene chachitika. Mabanja amenewa anakwatirana kalekale, ndipo amaika maliro pamodzi ndi abale athu a PIM ndi Asilamu.

Pempho lathu kwa akatekisiti ndi atsogoleri a Miphakati ndi ili: mudzi uliwonse kwa Mpama ndi m'madera oyandikana nawo uli ndi mbiri yonga ya Mbombwe, ngakhale ilibe munthu wotchuka. Akuluakulu amene anamva nkhani za ulendo wochokera ku Mozambique ndi za thangata kuchokera pakamwa pa makolo awo atsala ochepa. Tiwafunse amene anayambitsa mudzi, kumene anachokera, mfumu imene inawalandira ndi chaka chimene sukulu kapena tchalitchi choyamba chinamangidwa. Tilembe zimenezi m'kope ndi kuzisunga ku parishi pamodzi ndi mabuku a ubatizo. Ndipo pa 15 Januwale, popempherera dziko lathu, titchule onse amene anafa mu 1915, akuda ndi azungu, a ku Mbombwe, a ku Magomero ndi a ku Nguludi, kuti Mulungu amene adziwa mitima ya anthu awalandire mu mtendere wake.